Nsapato yanga inagona kuchipatala masiku atatu

Lachisanu lina mu July ndinatsika takisi ku Rosettenville nditavala patapata wobwereka, masokosi ali momwemo, nsapato imodzi ili m'jumbo. Amene akudziwa kuzizira kwa ku Joni mwezi umenewu aganize okha mmene zala zanga zinalili. Amayi anali panja akuanula zovala. Anayamba kundiyang'ana kumapazi, kenako kumaso.

"Inzake ili kuti?"

"Yatsala kuchipatala, amayi. Aitsekera."

"Aitsekera? Yalakwanji?"

Ndinawauza kuti ituluka Lolemba. Anaika beseni pansi n'kunena kuti ndiyambe ndafotokoza ndisanalowe m'nyumba, poti sukulu yanga ija iwo anali kuikayikira kale.

Ndili m'chaka chachitatu cha digiri ya nuclear medicine technology pa University of Johannesburg, ku kampasi ya Doornfontein. Ndi ya zaka zinayi. Sindinama kuti ndinkailota ndili mwana. Ndinabwera kuno ndili ndi zaka 13 kudzatsatira amayi, matric ndinalembera konkuno, ndipo maganizo anga anali pa udokotala ngati mwana aliyense amene anakhozapo masamu kawiri motsatizana. Mamalikisi sanafike. Ku dipatimenti yathu kuli njira zinayi: ena amaphunzira kujambula ekisire, ena ultrasound, ena radiotherapy, kenako ifeyo. Pa fomu ndinayamba kulemba ekisire chifukwa ndi imene ndinkaidziwa, ndipo pa mzere wachiwiri ndinangoikapo dzina limene linkamveka lolemera pakamwa. Ananditenga pa lachiwirilo.

Ku tchalitchi amayi anakalengeza kuti mwana wawo wapeza malo a zanyukiliya. Azimayi ena anaomba m'manja, ena anasendera pang'ono pa benchi. Malume anga, amene amasoka zovala ku Mayfair, mpaka lero moni wawo ndi wakuti, "Zikuyenda bwanji ku mabomba?" Chaka choyamba ndinkakwiya nazo. Pano ndimangoseka, chifukwa ndinadzazindikira kuti malumewo sanaphonye kwenikweni. Mankhwala ambiri amene timabaya odwala gwero lake ndi Pelindaba, chakumadzulo kwa Pretoria kufupi ndi Hartbeespoort, kumene kuli reactor, ng'anjo ya nyukiliya, yotchedwa SAFARI-1 imene inayamba kugwira ntchito mu 1965. Chapafupi pomwepo ndi pamene boma la tsankho linkakonzera uranium wa mabomba ake 6 aja, amene F.W. de Klerk anadzaulula mu 1993 kuti analipodi koma anawaphwasula. Lero malo omwewo amatulutsa molybdenum-99, amene kampani ya NTP imatumiza m'zipatala za mayiko ambiri. Opanga molybdenum wotere pa dziko lonse lapansi ukhoza kuwawerenga ndi zala.

Anthu akamva kuti timajambula odwala amati basi ndi ekisire yomweyo. Pa ekisire cheza chimachokera m'makina, chimaboola thupi n'kusiya chithunzi kumbuyo kwake. Kwathu kamera siitulutsa kanthu, imangodikira. Cheza chimachokera mwa wodwalayo, chifukwa timakhala tamubaya kamankhwala kochepa kowala cheza cha gamma, ndipo timatsatira kumene kapita. Mphunzitsi wathu wina amakonda kunena kuti ena amajambula maonekedwe, ife timajambula kagwiridwe ka ntchito. Ine pofotokozera amayi ndinati ekisire imakuonetsa mmene nyumba anaimangira, pamene ife timayang'ana ngati ku khitchini kukufuka utsi. Impso ikhoza kuoneka yokongola pa chithunzi koma itasiya kalekale kusefa.

Tsiku la kuchipatala limayambira m'kachipinda kotchedwa hot lab, kunja kusanayere bwino. Simutentha ayi, kuzizira kwake n'komweko kwa panja. Dzinalo likungonena kuti zonse zotulutsa cheza zimasungidwa mmenemo. Pakona pamakhala jenereta. Nditaitchula koyamba kunyumba amayi anaganiza za ija ya petulo imene aneba amaliza magetsi akathima. Yathuyi siilira. Ndi chimgolo cholemera cha mtovu, mkati mwake muli kachubu kakang'ono kamene molybdenum uja anamatirapo. Molybdenum akamatha mphamvu amasanduka technetium-99m. M'mawa timalowetsa madzi amchere mbali ina, madziwo amakokolola technetium yekhayo n'kutsikira m'kabotolo mbali inayo, molybdenum n'kutsala. Mawa lake umapeza wabalanso wina. N'chifukwa chake a ntchitoyi amaitcha ng'ombe, ndipo zimene timachita m'mawazo amati kukama. Agogo anga aakazi ku Dedza akanakhala ndi moyo n'kumva kuti mdzukulu wawo analowa yunivesite kukaphunzira kukama, akanaseka mpaka kugwetsa misozi.

Mkaka umenewu ukaubaya wokha umathamangira ku chithokomiro. Ukafuna upite kwina umayenera kuukwatitsa ndi mankhwala ena odziwa njira: MDP amautengera ku mafupa, MAG3 ndi DMSA ku impso, sestamibi ku mnofu wa mtima. Kusakanizako kumachitika kuseri kwa galasi lochindikala la mtovu. Kabotolo umakagwira ndi chopanira, jekeseni umamuveka chikhoto cha tungsten chimene chimalemetsa dzanja moti masabata oyamba ndinkanjenjemera ngati wa malungo. Ukakoka mlingo umauika m'makina oyezera, amakuonetsa ma megabecquerel, muyeso wa mphamvu ya cheza chake, ndipo pa kapepala umalemba nambalayo pamodzi ndi nthawi, mpaka mphindi yake. Nambala yopanda nthawi kwathu ndi bodza.

Apa ndi pamene pagona maphunziro onse a zaka zinayi, ngati mungandifunse ine. Pa maola 6 aliwonse mphamvu ya technetium imatsika ndi theka. Wokamidwa 6 koloko m'mawa, pofika 12 koloko watsala theka. Pofika 6 koloko madzulo watsala gawo limodzi mwa magawo 4, mawa m'mawa limodzi mwa 16. Sungamuike mufiriji kuti akudikire. Sungamuwiritse kuti afulumire. Panado amakhala m'kabati chaka chathunthu ali bwinobwino, koma athuwa amayamba kutha usanawatseke n'komwe. Matakisi akanyanyala ntchito, wodwala wa 9 koloko n'kufika 1 koloko, mlingo umene tinamukonzera umakhala utaonda, ndiye umayambanso masamu. Ngakhale ng'ombe ija imakalamba: molybdenum amatsika ndi theka pa maola 66 aliwonse, choncho pakatha sabata mkaka umachepa ndipo pamayenera kubwera ina. Kukachitika vuto ku reactor, mndandanda wa odwala m'zipatala umaima, kuno ndi kunja komwe.

Za nsapato tsopano. Lachisanu limenelo ndinali kukoka MDP, ndipo ndinazula singano m'kabotolo mofulumira mpweya uli wothinana mkatimo. Kadontho kanathawa. Sindinakaone, poti mankhwalawo ndi oyera ngati madzi akumwa, alibe fungo, saotcha. Lamulo ndi lakuti usanatuluke mu hot lab uzidziyeza manja ndi mapazi ndi Geiger counter, kachipangizo kamene kamalira kakamva cheza. Manja anali chete. Nditatsitsira ku phazi lamanzere, kachipangizoko kanayamba kuthetheka ngati mbuliwuli m'chiwaya.

Mayi amene amatiyang'anira sanakalipe, ndipo kusakalipako kunandiopsa kuposa kukalipa. Anandiuza kuti ndisasunthe. Anandivulitsa nsapatoyo nditaima pomwepo, anayeza sokosi, anayeza pansi paliponse pamene ndinaponda. Tinapeza madontho awiri, tinapukuta kuyambira m'mbali kulowera pakati kuti tisawamwaze. Nsapato inalowa m'pulasitiki, analembapo tsiku ndi nthawi, n'kukaitsekera m'chipinda chosungira zinyalala zoyembekezera kuzilala. Atatero anandipatsa pepala ndi cholembera kuti ndiwerengere ndekha tsiku lodzaitenga. Kuchokera 12 koloko Lachisanu kufika 7 koloko Lolemba ndi maola 67. Kugawa pakati ka 11. Chotsala sichikwana gawo limodzi mwa magawo 2,000. Masamu omwewo ndinawalakwa pa mayeso oyamba a physics chaka choyamba, koma tsiku limenelo, nditaima ndi phazi limodzi pa simenti yozizira, analowa mpaka m'mafupa.

Lolemba kachipangizo kaja kanakhala chete pa nsapatoyo. Ndinabwera nayo kunyumba. Amayi anaichapabe ndi Jik n'kuiyanika masiku awiri. Sindinatsutse.

Funso lawo lenileni linatuluka usiku wa Lachisanu womwewo tikudya nsima. Anati, "Koma iwe, udzabereka?" Ndinawaonetsa dosimeter, kabaji kamene ndimakoloweka pa yunifolomu tsiku lililonse. Kamasunga cheza chonse chimene chandifikira, amakatenga n'kukakawerenga, ndipo zotsatira zimalembedwa pa dzina langa. Malire a wogwira ntchito ngati ine ndi ma millisievert 20 pa chaka (ndiwo muyeso wa cheza chofika pa thupi), powerengera zaka zisanu pamodzi, ndipo zanga sizinayandikireko. Mayi akakhala woyembekezera amanena msanga, malire ake amatsitsidwa kwambiri. Malamulo odzitetezera ndi omwe aja a pa mbaula: usakhalitsepo, khala chapatali, ndipo ngati pali chotchinga khala kuseri kwake. Ukatalikira kawiri, chokufikira chimatsika kanayi.

Anangoti "Chabwino" wa pakamwa. Mantha awo ndimawamvetsa, ali ndi kochokera. Bambo awo anabwera kuno pa Wenela kudzakumba golide. Anabwerera kumudzi Kamuzu ataletsa ulendo wa ku migodi mu 1974, ndege yonyamula anthu akwathu itagwa ku Francistown. Anafika ndi wailesi, sutikesi yachitsulo ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka m'manda. Milu yachikasu ija timaiona pawindo la takisi kumwera kwa tauni ndi zotsala za migodi imeneyo, ndipo muli uranium pang'ono, poti mwala wa golide wa kuno umabwera naye limodzi. Agogo anapuma fumbi la pansi zaka zonsezo popanda wowapatsa baji. Ndiye amayi akamva kuti mwana wawo akugwira zinthu zosaoneka zimene akuluakulu akuti sizivulaza, amakumbukira kuti mawu otero anawamvapo kale.

Za m'kalasi sindichulutsa. Pali physics yambiri kuposa mmene aliyense amayembekezera, pali anatomy, physiology ndi pathology, pali radiopharmacy, pali kuphunzira matumbo a makina. Gamma camera imene timagwiritsa ntchito ikutsatirabe nzeru ya Hal Anger ya m'zaka za m'ma 1950: chimbale cha mtovu chokhala ndi timabowo tambirimbiri tolola cheza choongoka chokha, kuseri kwake mwala wa sodium iodide umene umaphethira cheza chikaugunda, kenako machubu owerenga kuphethirako. M'mawa uliwonse kamera imayesedwa kaye isanaone wodwala, chifukwa chubu chimodzi chikafooka chimajambula bala pamene palibe bala. Technetium amene ndinadetsa naye nsapatoyu anamupeza Emilio Segrè ndi Carlo Perrier ku Palermo mu 1937, ndipo Saul Hertz anayamba kuchiza chithokomiro chothamanga ndi ayodini wa cheza mu 1941. Ndimatchula izi chifukwa malume amaganiza kuti ndi zoyeserera za dzana. Timalembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo kuno, tikadali ophunzira, ndipo pali buku limene sikani iliyonse imene wachita imasainidwa. Anzathu a maphunziro ena akamapita ku holide, ife nthawi zambiri timakhala tikukwaniritsa maola a kuchipatala. Kwa ife obwera palinso study visa ndi medical aid zofunika kukonzanso, ndipo fizi yanga theka lake imachokera ku chipereganyu cha amayi ndi anzawo ochapa ndi kusita m'nyumba za kumpoto kwa tauni.

Ku PET, mtundu wina wa sikani zathu, ndiye wotchi imachita kuluma. Kumeneko timagwiritsa ntchito fluorine-18, amene amatsika ndi theka pa mphindi 110 zokha, ndipo amapangidwa m'makina otchedwa cyclotron m'mawa womwewo. Amamumangirira ku shuga, chifukwa khansa ndi yadyera pa shuga. Wodwala amabwera asanadye, timamuyeza shuga wa m'magazi, timamubaya, kenako amagona phee pafupifupi ola lathunthu osayankhula, osaseweretsa foni, kuopa kuti minofu ingalande shugayo. Vuto la kuno ndi lakuti TB nayo ndi yadyera chimodzimodzi. Banga lowala m'mapapo limene buku lolembedwa ku Ulaya lingalitche khansa, kuno adokotala amayamba aliganizira kawiri.

Koma chimene palibe buku linandikonzekeretsa chinachitika miyezi iwiri yapitayo. Pa benchi panali bambo wachikulire, jekete yoyera bwino, chipewa chili pa bondo, anabwera kudzajambulitsa mafupa chifukwa cha khansa ya prostate. Mnzanga anali atawafotokozera m'Chingelezi, iwo akungoti "yes, yes", maso ali pa chizindikiro chachikasu chochenjeza za cheza cha pachitseko. Ndikudutsa ndi thireyi ndinamva akunong'ona, "Ambuye, ndalowa potani pano."

Ndinabwerera. "Mwadzuka bwanji, bambo?"

Anadzidzimuka ngati ndawaponda. "Ndiwe wakwathu, mwana wanga?"

Anali a ku Ntcheu, agwira ntchito ya m'maluwa kuno zaka zoposa zanga zobadwa. Zimene anamva pa zonse zija ndi mawu amodzi, nuclear, ndipo anali atatsimikiza kuti tikufuna kuwaotcha m'kati. Anali kudikira mpata woti apite ku chimbudzi n'kusabwereranso. Ndinakhala pambali pawo, ndipo apa ndi pamene ndinazindikira kuti zaka zitatu zonsezi ndaphunzira m'chilankhulo chimene sichikanawathandiza. Half-life m'Chichewa ndi chiyani? Tracer? Ndinayamba kufufuza mawu ngati munthu wofuna machesi mumdima. Ndinati mankhwalawa ali ngati nyerere, amapita pamene pali shuga. Fupa likamavutika limayesa kudzikonza, ndipo iwo amakaunjikana pamenepo kuti kamera iwaone. Ndinati ndi ochepa osadzaza ndi supuni yomwe, samva kutentha kulikonse, ndipo mphamvu yake imazilala yokha ngati makala, pofika mawa adzakhala atatsala phulusa. Ndinawauza za nsapato yanga. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapinda okha mkono wa malaya.

Tinawabaya. Ndinawauza kuti adikire maola atatu, amwe madzi ambiri ndi kutaya madzi pafupipafupi kuti zotsala zichoke. Anamwa ngati ndi lamulo la mfumu. Atagona pa kamera, chithunzi chinayamba kutsika pa kompyuta pang'onopang'ono kuchokera kumutu. Chigaza, mapewa. Kenako nthiti, madontho akuda apa ndi apo. Msana, madontho. Chiuno, madontho. Wa chaka chachitatu aliyense amadziwa tanthauzo la chithunzi chotere. Koma kuwerenga sikani si ntchito yanga, ndi ya adokotala a nuclear medicine, ndipo lamuloli lili ndi chifukwa chake: ine ndimaona chithunzi chimodzi, iwo amaona munthu yense ndi mbiri yake.

Ndikuwathandiza kutsika anandigwira dzanja. "Waonamo chiyani, mwana wanga?"

"Adokotala ndi amene amawerenga, bambo. Akuuzani pa tsiku limene akupatsani lija."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino. Koma uphunzire kubisa nkhope. Yako imawerengeka ngati nyuzipepala."

Anavala chipewa, n'kufunsa kwathu kwenikweni, mudzi ndi mfumu yake. Potsiriza anati, "Ukamaliza upita kumudzi?" Ndinayankha zimene tonse timayankha, kuti Mulungu akalola.

Funso limenelo silinandichoke. Ndikamaliza pali chaka cha community service, chogwira ntchito m'chipatala cha boma, ndipo malo ake amayamba apatsa eni dziko. Kuno ntchitoyi ili patsogolo ndithu. Pa Steve Biko Academic Hospital ku Pretoria, gulu la Pulofesa Mike Sathekge ladziwika pa dziko lonse pochiza khansa ya prostate yofalikira ndi actinium-225, ndiye kuti mankhwala amtundu wathu womwewu asiya kungojambula, akulowa m'thupi kukapha khansa pamene yabisala. Munthu wa zaka zanga akaona zotere mtima umafuna kukhala. Kwathu nako sikuti kuli chete: lamulo la Atomic Energy linakhazikitsidwa mu 2011, bungwe loyang'anira za cheza la AERA lilipo, boma lamanga chipatala cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo uranium wa ku Kayelekera ku Karonga tonse tinamumva. Koma ntchito yangayi siyenda ndi munthu mmodzi ndi satifiketi yake. Imafuna ng'ombe yatsopano yotsika ndege sabata ndi sabata osaphonya, ndalama zakunja zolipirira ng'ombeyo, magetsi osathima pakati pa sikani, katswiri wa physics, dokotala wowerenga, ndi wokonza kamera ikafa. Chimodzi chikasowa, enafe timangokhala pansi kuonerera mankhwala akutha okha m'kabotolo.

Mwezi watha ndinaperekeza amayi kokwezera mabasi a ku Malawi pafupi ndi Park Station, kukatumiza katundu kumudzi. Mafuta ophikira, bulangete, sopo, nsapato za ana a sukulu, zonse m'chikwama chachikulu chamizeremizere chomata ndi tepi. Mng'ono wawo wakhala akudandaula msana kwa chaka tsopano, ndipo m'chikwamamo munalinso mabotolo awiri a mankhwala opaka. Tikudikira kuti ayeze kulemera kwake, amayi anandikoka mkono.

"Ako aja oonera mafupa, sungapemphe pang'ono tiwaikire momwemu? Akawabaye konko."

Ndinayamba ndi zoti n'zoletsedwa, ndipo popanda kamera alibe ntchito. Anati zimenezo azimva, koma ndingowauza ngati angafike. Ndiye ndinawerengera pa zala. Basi imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza, ndipo pa malire pakakhala mzere masiku awiri amakwana. Maola 48, kugawa pakati ka 8. Pofika ku Blantyre patsala gawo limodzi mwa magawo 256. Madzi amchere basi.

Amayi anakhala chete akuyang'ana anyamata akukankhira chikwama chathu pansi pa basi. Kenako anati, "Ndiye kuti wofunika kukwera basiyi ndi iweyo." Ndisanayankhe kondakitala anaitana dzina lawo kuti akasaine risiti, ndipo anapita kukakangana naye za mtengo wa bulangete.